Mabowo Anayi pa Diski Yakale

Panali munthu wina dzina lake Darcy Tullock, amene anapatsidwa umanijala pa nkhokwe ya tirigu m'tauni ina yaing'ono kum'mawa kwa Perth. Atafika anapeza kuti kompyuta yoyendetsa sikelo ya malole amaisamalira ndi mayi Noelene Prosser, omwenso ankakolopa mu ofesimo. Mayiwa sukulu analekera panjira, koma za makompyuta anadziphunzitsa okha ndi mabuku a ku laibulale, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sikeloyo sinaimepo ngakhale tsiku limodzi.

Pa msonkhano wake woyamba, pamaso pa alimi ndi madalaivala, Darcy anawafunsa kuti: "Setifiketi yanu ili kuti, mayi?"

"Ndilibe. Umboni wanga ndi sikelo ikugwira ntchitoyo."

"Ndiye kuyambira lero chanu n'chokolopera. Bweretsani kiyi wa kabati ya kompyuta."

Ena anaseka. Mayi Prosser anaika kiyiyo patebulo, natuluka osaweramitsa mutu.

Kukolola kutayandikira, diski ya m'kompyutamo inadzaza. Darcy anaitanitsa mkulu wina wa ku Perth amene anamupeza pa intaneti, kuti adzakopere zonse za m'diski yakaleyo pa ina yaikulu. Mkuluyo anabwera ndi galimoto yolembedwa mawu onyezimira, nagwira ntchitoyo kwa maola awiri. Atamaliza anasiya madiski onse awiri m'kati, n'kuyatsa kompyuta. Inayaka bwinobwino.

Mayi Prosser, amene ankapukuta mawindo, analankhula ali chiimire pomwepo.

"Musanataye yakaleyo, muichotse kaye, muyatse makinawo ndi yatsopano yokha. Zikakhala zonse ziwiri m'katimo, simungadziwe imene ikuyatsa kompyutayo."

"Amayiwa ndi ndani?" anafunsa mlendoyo.

"Ameneyu ndi pulofesa wathu wa ndowa," anatero Darcy. Onse awiri anaseka, mlendo n'kumapita.

Panapita masabata awiri zonse zili bwino, mwakuti Darcy ankauza aliyense kuti ntchito imafuna anthu a mapepala. Kenaka anakumbukira lamulo la kampaniyo, lakuti diski yakale iziwonongedwa chifukwa imakhala ndi zinsinsi za alimi. Lolemba m'mawa, kukolola kuli pachimake, anazimitsa kompyuta, nachotsa diski yakaleyo, n'kuiboola mabowo anayi pansi, mu ofesi momwemo. Atatero anadina batani loyatsira.

Sikirini inangoti bii. Panatuluka mzere umodzi wokha, wonena kuti makinawo sakupeza poyambira.

Anazimitsa, nayatsanso. Chimodzimodzi. Anaimbira foni mkulu wa ku Perth uja kasanu, koma sinayankhidwe. Panthawiyi malole oposa makumi atatu anali atandanda kuchokera pa sikelo mpaka ku njanji, ndipo wailesi inali italengeza kuti mvula igwa madzulo. Popanda sikelo, nkhokwe siingalandire tirigu. Tirigu akanyowa amamera, ndipo mlimi amataya thukuta la chaka chonse.

Dalaivala wina wachikulire, Merv, anasuzumira pawindo.

"Bwana manijala, tirigu wangayu amerere m'lole momwemu?"

"Dikirani pang'ono, ndikukonza."

"Tangoionetsani setifiketi, mwina ichita mantha n'kuyaka!" anakuwa wina kumbuyo. Mzere wonse unafa nako kuseka.

Nthawi itakwana 10 koloko, Darcy anakwera galimoto ulendo wa kunyumba kwa mayi Prosser. Anawapeza akuanula zovala.

"Mayi, kompyuta yakana kuyaka."

"Nthawi yanga yokolopa ndi 4 koloko, a Tullock."

"Sindinabwerere zokolopa. Chonde."

"Yakale ija ili kuti?"

"Ndaiboola."

Mayiwa anamaliza kupinda nsalu imene inali m'manja mwawo. Kenaka anatenga chikwama chawo, nakakhala kutsogolo kwa galimotoyo.

Atafika, mayiwo anatulutsa m'chikwamamo fulashi yokonzera makompyuta imene anaikonza okha zaka zapitazo, nayatsira makinawo pa fulashiyo. Posakhalitsa anapeza vuto, ndipo analifotokoza mokweza kuti apawindo amve.

"Zolemba za alimi zonse zilimo, palibe chatayika. Koma diski imakhala ndi kagawo kakang'ono kamene kamauza kompyuta poyambira. Mnzanu uja anakopera gawo lalikulu lokha, kakang'onoko n'kukasiya. Masabata awiri onsewa makinawa amadzutsidwa ndi diski mwaiboolayo."

"Ndiye zitheka?" anafunsa Darcy.

"Ndikapanganso kagawoko. Zinditengera mphindi makumi anayi. Koma bokosi la kompyutali likhala lotsegula, ndipo pansi pano pali tizitsulo ta kuboola kwanu kuja. Tizitsuloti tikalowa m'kati, makina apsa. Ine manja ndili nawo awiri okha."

Anatsegula kabati yapakona, natulutsa ndowa ndi chokolopera, naziika patsogolo pa Darcy.

"Muyambire kukhomo. Muzifinya bwino."

Darcy anakolopa ofesi yonse, madalaivala akuonerera pawindo. Merv anamuonetsa pakona pamene anasiya. Kompyuta inayaka isanakwane 12 koloko, ndipo lole yomaliza inatsitsa tirigu mvula isanagwe. Madzulo a tsiku lomwelo, kiyi wa kabati ya kompyuta anabwerera m'chikwama cha mayi Prosser.

Phunziro: Mukakopera zonse pa diski yatsopano, chotsani yakaleyo, muyatse kompyuta ndi yatsopano yokha, ndipo yakaleyo muisunge kufikira mutatsimikiza kuti zonse zikuyenda. Musakhulupirire mlendo chifukwa cha galimoto yake, ndipo musanyoze malangizo chifukwa cha chimene wokulangizaniyo wanyamula m'manja. Uthengawu mutumizire aliyense amene ali ndi kompyuta, makamaka iwo amene amayamba afunsa setifiketi asanamve zimene munthu akunena.