Mwini Nambala 2417

Makaniko anamenya tebulo la mkulu wa aphunzitsi, bolopeni n'kugwera pansi.

"Muitaneni amene wakopera ntchito ya mwana wangayo alowe! Ndimuone ndi maso angawa!"

Tsikuli linamuipira kuyambira m'mawa. Anasiya galimoto ya kasitomala ili pa jeke chifukwa cha kalata yochokera kukoleji. Malaya ake oyera okhawo anawapeza atang'ambika thumba, ndipo mkazi wake, telala wathunthu, anawasoka ndi ulusi wobiriwira, ati woyera watha. Atamuuza kuti apitire limodzi, mayiyo anati ali ndi mayunifolomu okapereka. Tsopano nayu mu ofesi yothina, mwana wake wamkazi ali pambali, maso pa nsapato.

Mkuluyo, mayi wamagalasi wolankhula mosathamanga, anayala mitolo iwiri ya mapepala. Inali ntchito yokachitira kunyumba, mafunso oyeserera a maphunziro anayi. Pamwamba panalibe maina, manambala okhaokha, monga mwa lamulo la pakolejipo.

"Khalani pansi, bambo. Kufanana mayankho olondola si mlandu. Awa afanana zolakwa."

Analoza ndi chala. Pa aljebura, onse awiri anataya chizindikiro chochotsera pa mzere wachitatu. Pa sitatisitikisi, pofuna avereji, onse anadumpha nambala imodzi yomweyo. Pa kemisitiri analemba magalamu pomwe pamafunika mamililita. Pulogalamu ya kompyuta nayo, yonse iwiri inkangozungulira osafika kumapeto.

"Wokopera amabwereza chaka," anatero mkuluyo. "Pakapanda wovomera, amabwereza onse awiri."

Makaniko sankadziwa kuti aljebura amadya ndi chiyani, koma galimoto ziwiri zikamadontha oilo pamalo amodzi, amadziwa kuti dzanja lomanga ndi limodzi. Anasuzumira mtolo winawo. Nambala 2417, kalasi la Loweruka, la anthu apantchito. Zilembo zazing'ono zaudongo, masamu odzaza mpaka m'mphepete. Kamunthu kake kanalibe ngakhale sitepula. Kanachita kusoka mapepalawo pakona.

Apa mtsikana uja anadzutsa mutu.

"Ndine ndinakopera, madamu. Lembani choncho. Winayo musamuitane."

Magazi anamuwira makaniko. Chaka chathunthu kuchitaya ngati madzi otsukira mbale! Ndani amataya chaka chifukwa cha mnzake wamba? Nkhani inali poyera. Pali mwamuna apa, ndipo wa Loweruka ndiye kuti ndi chibambo cha ndevu zake, mwinanso cha pabanja.

"Iwe, ndinakutuma sukulu kapena chibwenzi? Mapanga awiri avumbwitsa! Ukudziwa mmene zala zangazi zaphwanyikira ndi masipanala kuti ukhale pano?"

"Ababa, chonde, tiyeni tizipita."

"Tipite kuti? Ukumubisa? Ndiye walemba m'madzi!"

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti m'nyumba mwake sukulu anaisankhira mwana yekhayu. Amake atayambitsa zoti nawo akufuna kubwerera m'kalasi, iye anaidula nkhaniyo tsiku lomwelo. Anati mutu wawo ndi wa singano, asachititse manyazi banja pokakhala pa desiki ndi ana. Zonse zinapita kwa mtsikanayu, ndiye lero azibweza ndi zimenezi?

Mkuluyo anavula magalasi.

"Ine sindikukhulupirira kuti wina anakopera. Wokopera salemba njira yonse chonchi. Awa amakhala tebulo limodzi, kuwerengera limodzi, n'kulakwitsira limodzi."

Tebulo limodzi! Makaniko anaimirira. Mwanayu sapita kulaibulale, sagona kwa anzake. Ntchito yake yonse amalembera kunyumba, pa tebulo la pabalaza, masana iye ali kugalaja. Ndiye kuti chimunthucho chimalowa m'nyumba mwake, kukhala pa mpando wake, mwinanso kumwera kapu yake. Ndipo makina osokera ali pabalaza pomwepo! Amake amangopalasa, maso pa nsalu, mwana akuonongeka pamphuno pawo.

"Amako ndikathana nawo kunyumba," anatero. "Madamu, munthuyo alipo?"

"Ali pabenchi kuseri kwa khondeli. Koma poti mwana wavomera, lamulo silindikakamiza kumulowetsa. Ndikhoza kungolemba, nkhani n'kutha."

"Lembani, madamu!" Mtsikana uja anagwira mkono wa bambo ake, misozi ili mbwembwembwe. "Ababa, ndibwereza chaka. Ndalola. Ingosiyani."

Makaniko anakutumula dzanjalo.

"Mwana wanga asabwereze chaka wina ali phee pabenchi. Alowe! Ngati ndi mwamuna, anene yekha pamaso panga."

Mkuluyo anaimirira. Anapita pakhomo n'kuitana.

"Nambala 2417, lowani."

Makaniko anapinda manja a malaya. Anatola mtolo uja kuti akangolowa amuponyere kumaso. Chala chake chinakodwa pa msoko wa pakona, msoko wowongoka bwino, wa makina. Anayang'ana. Ulusi wake unali wobiriwira.

"Mwanayu sanakopere, madamu," anatero mawu amene iye amawamva m'mawa uliwonse. "Amandiphunzitsa ine."

Pakhomo panaima mkazi wake, m'manja mulibe yunifolomu ngakhale imodzi, koma kope la aljebura.