Mbuzi ya Zubairu

Chiwaya cha Zubairu pa Liwonde chinakhala chozizira masiku atatu, chifalikireni uthenga wa mawu pa Watsapu woti kanyenya wake ndi wa galu.

Tsiku lachinayi anabwera ndi mbuzi yamoyo. Shehe anaizinga anthu akuona, mafoni ali m'mwamba akujambula. Zubairu anaisenda n'kuipachika, mutu ndi ziboda zili pomwepo.

Nyama inapsa, fungo linafika mpaka pasiteji ya maminibasi, koma palibe amene anasendera.

Kumbuyo kwa gululo Zubairu anaonako mayi Anastasia, oyandikana nawo nyumba. Anabaya nthuli yoyamba n'kudutsa nayo pakati pa anthu.

"Lawani, mayi," anatero motsitsa. "Mawu anu mu uthenga uja ndinawazindikira tsiku lomwelo."

Mafoni onse anatembenukira kwa mayiwo.