Zigubu 36 za Chikande

Magetsi anazima ku Mtakataka Lolemba pa 5 Meyi 2025, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa. Akuba anali ataononga thiransifoma. Sanayakenso mpaka pa 16.

Fagness anali m'chipinda cha chikande pamene mababu anathima. Chipindacho anachikonza ndi amuna ake, a Mathias, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Mawindo anawatseka ndi makatoni, kudenga n'kukolekako mababu asanu ndi limodzi owala mofiirira ngati madzi a chidede. Pansi pa mababuwo panali zigubu 36 zodulidwa pakati, chilichonse ndi chomera chake.

Chikande ndi duwa la m'madambo a kumapiri, lomwe amayi amakumba n'kuphika ndi nsinjiro. A Mathias anakulira ku Bembeke, m'mbali mwa dambo momwe chinkamera chokha. Mu Disembala 2024 dambolo linagawidwa kuti mulimidwe kachewere. Iwo anapita ndi khasu, nazula zomera zimene zinatsala pamodzi ndi dothi lake, n'kutsika nazo pa minibasi. Ankati dzuwa la kuno kuchigwa lingaziwambe tsiku limodzi. N'chifukwa chake anaziika m'nyumba, ndi mababu, fani, ndi ziguduli zonyowa pakhomo. Mu Febuluwale zinachita maluwa. Anthu ankabwera kudzaseka, koma ankatuluka ali chete.

Pa 22 Epulo a Mathias anagwa ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anapita. Anawagoneka kuchipatala ku Mua, mwana wawo Tadala n'kumawadikirira. Fagness anatsala ndi zigubu, ndi pepala limene a Mathias anamata pachitseko: Yatsani 6 koloko m'mawa. Zimitsani 6 koloko madzulo. Madzi a mvula okha, theka la kapu.

Fagness anabadwira kunyanja. Chikande ankangochidziwa chophika kale, chodulidwadulidwa m'mbale pamsika. Koma pepalalo analitsata osaphonya, mpaka tsiku limene magetsi anazima.

Anabwereka batire ya galimoto. M'mawa uliwonse ankaimanga panjinga n'kupita nayo kwa Bizeki, wometa tsitsi amene ali ndi sola.

"Amayi, tsiku ndi tsiku batire," anatero Bizeki tsiku lachitatu. "Mwatsegula vidiyo shoo osatiuza?"

"Tchajani, achimwene. Ndili ndi matenda kuwiri."

Batireyo inkayatsa mababu awiri kwa maola atatu. Fagness ankasinthanitsa zigubu kuti chilichonse chilaweko kuwala. Tsiku lachinayi nsonga za masamba zinayamba chikasu. Anatulutsa zigubu zisanu n'kuziika pamthunzi wa mango. Zimenezo ndiye zinayamba kuuma. Anawonjezera madzi, kuchoka pa theka la kapu kufika pa kapu yathunthu. Madzi a mvula a mu diramu anatha pa 12. Anayamba kuthira a pamjigo.

Masana ankapalasa njinga kupita ku Mua. A Mathias akangomuona ankakweza dzanja lamanzere, n'kumatambasula zala ndi kuzifumbata, ngati babu ikuyaka n'kuzima.

"Zili bwino, bambo a Tadala," ankayankha Fagness. "Zonse zili bwino."

Tadala anamuuza panja kuti bambo ake amadya phala pokhapokha akamva yankho limenelo.

Magetsi atayaka pa 16, zomera zobiriwira zinali zitatsala 11. Fagness anayatsa mababu onse ndi fani yomwe, nanyowetsanso ziguduli. Sizinathandize. Pa 19 zinatsala zisanu ndi ziwiri. Pa 22 zinatsala zitatu. Chomaliza chinauma Lamlungu pa 25. Anachikhudza tsinde, linathothoka lokha.

Lachiwiri pa 27 Tadala anaimba foni. Adokotala anali atanena kuti palibenso china chimene angachite. A Mathias atuluka Lachisanu.

Fagness anaima m'chipindamo akuyang'ana mapesi ouma m'mizere itatu. Sanafune kuti amuna ake adzaone zimenezi ndi maso awo. Ananyamula zigubu ziwiriziwiri kupita nazo kudzala la kuseri, kumene nkhumba za aneba zimafukula. Dothi linkatuluka lili chibuma, iye osaliyang'ana n'komwe. Zigubu anazitsuka n'kuzisanja pakona. Mababu anawamasula, nawakulunga m'chitenje.

Lachisanu pa 30 Meyi galimoto inafika 2 koloko masana. Munali a Mathias, Tadala, ndi a Matilda, alongo awo a Mathias a ku Bembeke, amene agulitsa chikande kwa zaka 30. Anawakhazika odwala pampando pabalaza. Sanafune madzi, sanafune kugona. Analoza chitseko cha chipinda chija.

Fagness anagwada.

"Ndinkakunamizani, bambo a Tadala. Magetsi anazima masiku 11. Ndinayesetsa, koma zonse zinafa."

Dzanja la a Mathias linayamba kumenya mpando. Pakamwa pankatuluka phokoso lopanda mawu. A Matilda anakankha chitseko, nayang'ana zigubu zotsukazo, kenako anatembenuka.

"Alamu, dothi lili kuti?"

"Ndinataya kudzala Lachiwiri."

"Mayo ine! Chikande sichifa mu Meyi, alamu, chimagona. Masamba amauma chaka chilichonse, kaya pali magetsi kaya palibe. Kambatata kamatsala m'dothi kudikira mvula."

Pofika 5 koloko, amayi awiriwo anali atapeza timbatata tiwiri kudzalako, kena kolumidwa ndi nkhumba. Ngati kotsalako kali moyo, zidzadziwika mu Disembala.