Mkamwini Amene Analondola Nkhukundembo

Panali munthu wina dzina lake Wendell, wogulitsa matayala ku Birmingham, amene anakwatira Lavonne, mwana wa a Hoyt Mabry, alimi akumudzi kuno ku Alabama. Nkhaniyi akuti inachitikadi. Wendell ankafunitsitsa kuti apongozi ake amuone kuti ndi mwamuna, ndiye mu Epulo, mitengo itaphukira, nyengo yosaka nkhukundembo zakutchire itatsegulidwa, anapempha kupita nawo. Mfuti anabwereka kwa mlamu wake, zovala zamawangamawanga zobisalira kwa msuweni wa mkazi wake, nsapato kwa apongozi omwewo. Chake chenicheni chinali pakamwa pokha.

Ali m'galimoto m'bandakucha, a Hoyt anati, "Mwanawe, tchera khutu. Ukakhale pansi, msana utatsamira mtengo wonenepa kuposa mapewa ako. Ukamva kulira, usakulondole. Nkhukundembo silondoledwa, imaitanidwa. Ndipo usawombe usanaone ndevu zolendewera pachifuwa cha tambala wa nkhukundembo, komanso chimene chili kuseri kwake."

"Bambo, zonsezo ndinaonera kale pafoni."

"Foni yakoyo inaphapo zingati?"

Wendell anangoseka.

Atalowa m'nkhalango, a Hoyt analira ngati kadzidzi. Pomwepo tambala anayankha ali pamwamba pa mtengo kutsidya la mtsinje, mawu ogunda ngati bingu, chigwa chonse n'kuwabwereza. 

"Ameneyo ndiye M'busa," anatero a Hoyt monong'ona. "Amalalikira m'mawa uliwonse. Zaka zitatu ndikumusaka, zaka zitatu akundipusitsa."

Anamukhazika Wendell patsinde pa mtengo waukulu. "Ine ndikakhala kuseri kwa chitundachi. Akapanda kubwera kwa iwe, abwera kwa ine. Usadzuke mpaka nditadzakutenga." Ananyamula thumba lawo ndi kabokosi kathabwa kamene amakwecha kuti kalire ngati thadzi, n'kumapita.

Linatha ola. M'busa anasiya kulira. Udzudzu unamudya Wendell, mwendo unachita dzanzi. Kenako anamva thadzi likulira chakumtunda, mofatsa, mokoma. Za kabokosi sanaziganize n'komwe. Mumtima anati, pali thadzi pali tambala, nditsala ine ndikudikira pano ngati mlonda wa mtengo. Anadzuka. Anazungulira kutali, motsata mtsinje, kuti apongozi asamuone, kenako anayamba kukwawa ndi mimba kulondola kulirako.

Atafika m'mphepete mwa kadambo, anauona. Mchira wa tambala utatambasuka ngati lichero pamwamba pa udzu. Ndevu sizinkaoneka, koma anati ndevu tikaziona atagwa. Analoza mfuti, chala n'kufika pake.

Asanapinde chalacho, anamva phokoso kumbali kwake. Silinali kulira. Linali kung'ung'uza kwapansipansi kumene munthu amakumva m'chifuwa asanakumve m'khutu, pamodzi ndi mapiko okhwekhwereza pamasamba ouma. Anatembenuza maso okha.

Anali M'busa, mapazi asanu kuchokera pamene iye anagona. Dzuwa linali litangomuwomba, nthenga zonse zikunyezimira ngati mkuwa wopukuta, apa zobiriwira, apa zofiira. Mutu unkasintha iye akuona: woyera, kenako wabuluu, kenako wofiira ngati magazi. Ndevu zinkakhudza udzu. Ankayenda pang'onopang'ono ngati mwini nkhalango. Wendell anaiwala mfuti, anaiwala udzudzu, anaiwala ngakhale kupuma. Akuti mpaka lero akamafotokoza pamenepa amatsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

Tambalayo anamudutsa, n'kulunjika pa mchira umene Wendell ankafuna kuwombawo. Anadumpha, naumenya ndi zikhadabo. Chinthucho chinagwa n'kulira ngati chigubu. Chinali chidole chapulasitiki chomangirira mchira weniweni, chimene alenje amaimika kuti tambala apse mtima abwere kudzamenyana.

Ndipo kuseri kwa chidolecho, molunjika ndendende ndi kamwa la mfuti ya Wendell, chimene iye ankachiyesa chitsamba chinatsegula pakamwa.

"Wendell, mwanawe. Chotsa chala pamenepo."

Anali a Hoyt, atatsamira mtengo, mfuti yawo italoza kumwamba. M'busa atamva mawu a munthu anathamanga masitepe atatu, nauluka, mapiko akuwomba ngati chinsalu pamphepo, mpaka anazimiririka kuseri kwa mitengo.

 Apongozi anabwera, anamulanda Wendell mfuti mwaulemu, anachotsamo zipolopolo n'kuika m'thumba lawo. Anakhala pansi pambali pake. 

"Mwamuona M'busa, a katswiri a pafoni?" anafunsa a Hoyt.

"Ndamuona, bambo," anatero Wendell. "Koma munali naye pafupi chonchi. Zaka zitatu. Bwanji simunawombe?"

"Ndinayang'ana kuseri kwake. Kunali mwamuna wa mwana wanga atagona m'udzu. Ndikanakamuuza chiyani Lavonne?"

Wendell anaweramitsa mutu.

A Hoyt anatola chidole chija, n'kuchisasa fumbi. "Nanga iwe ukanakamuuza chiyani?"

Phunziro: Inu amene mukuyamba kumene kusaka nkhukundembo, khalani pamene akulu akukhazikani. Kulira kumene mukukukwawira mwina ndi munthu mnzanu, ndipo mchira umene mwauona mwina kuseri kwake kuli bambo a wina. Mbalame ikathawa mudzaipeza chaka chamawa, koma chipolopolo chikatuluka palibe amachiitana kuti chibwerere. Wendell anapulumutsidwa ndi mbalame imene anapita kukapha, ndipo si onse amene Mulungu amawatumizira mbalame. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu, akamwini anu ndi aliyense amene wabwereka mfuti chaka chino, aiwerenge asanalowe m'nkhalango.