Phata la Kuseri kwa Bafa

Chibwerereni lamulo loti nzimbe ndi zopangira mafuta a galimoto basi, kwathu kuno timadzala zaluzi zokhazokha, zouma ngati nsungwi. Akakupeza ndi zotsekemera, amakulanda munda.

A Dzimbiri anabisa phata limodzi kuseri kwa bafa. Tsiku losankha mbewu, mlangizi anangolondola mzere wa nyerere mpaka pomwepo.

"Ndinkanena ine, bambo!" anatero mkazi wawo Nankhoma, manja ali kunkhongo.

Mlangizi anathyola imodzi, n'kusenda ndi mano, n'kutafuna atatsinzina, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono.

"Mbewu iyi ndi yoipa kwabasi," anatero akunyambita chala. "Yofunika kuifufuza mofatsa. Musaizule. Ndibweranso Loweruka ndi mayi akunyumba, andithandize ntchitoyi."