Sitima ya pa Foni ya Barbara

"Manje yaimanso chifukwa chiyani?" anafunsa mayi Immaculate, mlimi wa ku Chifunda, akusuzumira pa foni ya Barbara.

"Palibe akudziwa, amayi. Imangoima yokha," anayankha Barbara, nesi wochokera ku Chipata.

Lole yawo inali itatitimira m'matope kuyambira m'mawa. Barbara ankathamangira ku Chama kukakwera basi ya ku Chipata, poti mwana wake anali atagonekedwa m'chipatala kwawo. Pofuna kuiwalako nkhawa, anatsegula katuni ya ku Japan imene anasunga pa foni, ya atsikana oyenda pa sitima m'mayiko odabwitsa. Kwina mvula inkagwa chokwera kumwamba, kwina nsomba zinkagulitsa matikiti.

"Anzanga oonera nawo akwiya," anatero Barbara akuyasamula. "Akuti nkhani yake ilibe mutu. Wina akuti atsikanawa anafa kale, koma sakudziwa."

"Anzanuwo amakhala kuti?"

"Ku Lusaka."

Mayiwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuonera. Sitima inanyamukanso, ndipo pomaliza atsikana aja anatsika pa siteshoni n'kukumbatira mnzawo amene ankamufunafuna. Barbara anazimitsa foni mwachangu, n'kuyang'ana kumbali.

Dalaivala anabwera, matope mpaka m'mawondo.

"Thirakitala yodzatikoka sibwera lero. Tigona pompano."

Palibe anadandaula. Mayi Immaculate anavula chitenje, nachiyala pa matumba a chimanga, n'kumusiyira Barbara mbali ina.

"Zonsezo ndavomera, mwanangu," anatero akugona. "Koma zakuti atsikana aja afika, apo pokha ndiye anama."