Chala cha Nieves

Panali bambo wina kwathu kuno ku Úbeda, dzina lake Fermín, wogwira ntchito koyengera mafuta a maolivi. Dzina lake ndalitchula dala, chifukwa ali moyo ndipo foni ali nayo. Awerenge.

Fermín ali ndi mwana wamkazi, Nieves. Mwanayu anagwira gitala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pofika zaka khumi, akamaimba m'tchalitchi ngakhale amuna ouma mitima ankagwetsa misozi. Anamuphunzitsa ndi Doña Remedios, mayi wamasiye amene anaphunzitsa ana gitala zaka makumi anayi m'kachipinda ka pamwamba pa malo ophikira buledi. Mayiwo ndi amene anandibereka ine. Tinawaika m'manda mwezi watha.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere: mwana ayambe waimba nyimboyo ndi pakamwa, zala zibwere pambuyo. Maola awiri patsiku, basi. Zikhadabo za dzanja lamanja la Nieves ankazipala okha Loweruka lililonse, kuti nsambo ikamachoka pachala izilira mofewa.

Tsiku lina Nieves anapita kumpikisano wa ana ku Madrid n'kukhala wachiwiri. Amene anamuposa ndi mnzake wa zala zothamanga ngati makina osokera. Potuluka, munthu wina wovala jekete labwino anamugwira Fermín paphewa.

"Bambo, mwana wanuyu ndi golide, koma mwamusiya m'manja mwa gogo. Ndipatseni chaka chimodzi. Anthu amanditcha Maestro, kutanthauza katswiri."

Fermín atabwerera anakwera kukachipinda kuja, chipewa osavula.

"Doña Remedios, mwanayu tikumupereka kwa Maestro. Akuti inu mukumuchedwetsa."

"Maestro wake uti? Unamumvapo akuimba?"

"Ali ndi mavidiyo. Zikho zili mbwee m'nyumba mwake."

"Iwe Fermín, ndinakudziwa ukadali ndi mamina pamphuno. Ndimvere. Dzanja la mwanayu likadakula. Ukalithamangitsa lidzamukana, ndipo sadzalibwezanso munthu."

"Inu mumaphunzitsa ana oimba pamaukwati, mayi. Wangayu ndi wa dziko lonse."

Anamutenga mwana, osamulola ngakhale kutsanzika.

Pali kaimbidwe kena kotchedwa tremolo. Zala zitatu zimakhudza nsambo imodzi motsatizana, mofulumira, mpaka liwu limamveka ngati silikuduka. Maestro ankangofuna zimenezo. Anamuikira Nieves maola asanu ndi atatu patsiku, ndi kamakina kogogoda kamene ankakawonjezera liwiro m'mawa uliwonse. Zala ziwiri ankazimanga ndi mphira, ati zikhale ndi mphamvu. Zoimba ndi pakamwa anati ndi zachibwana.

Patapita miyezi isanu, Nieves anati chala chapakati chikulemera.

"Ndiye kuti chikukhwima," anatero Maestro. "Wonjezera ola lina."

Mwanayo analembera Doña Remedios uthenga mobisa. Mayi anga anaimbira Fermín foni kasanu ndi kawiri, iye n'kutseka nambala yawo. Ndiye mayi anakwera basi mpaka ku Madrid kwa Maestro, mtima wawo ukudwala kale. Anagogoda, chitseko sichinatseguke. Anakhala pamasitepe maola awiri akumva kamakina kaja kakugogoda m'katimo. Atabwerera anagona sabata yathunthu.

Mpikisano waukulu unafika Nieves ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ali pakati pa tremolo, chala chija chinapindika chokha n'kukakamira m'chikhato. Anayambiranso. Chinapindikanso.

Chalacho sichipweteka. Supuni chimagwira, cholembera chimagwira. Koma chikangoyandikira nsambo, chimapindika. Madokotala anati ubongo unasokoneza zalazo chifukwa chobwereza chinthu chimodzi mopitirira muyeso, ndipo sanalonjeze kanthu. Maestro anangoti, "Mwanayu alibe mtima wa mpikisano," n'kusiya kuyankha foni.

Apa m'pamene Fermín anakumbukira njira ya kwathu. Anapeza mayi ali pabedi, ine ndikuwamwetsa msuzi.

"Doña Remedios, mukonzeni. Inu mumamudziwa."

Ndinafuna kumukankhira pansi pa masitepe. Mayi anandiletsa ndi diso.

"Bwera kuno, mwana wanga. Tenga gitala yanga ili pakhomapo."

Nieves anakhala m'mphepete mwa bedi. Anakhudza nsambo kamodzi, kawiri, chala n'kupindika. Mayi anachiwongola ndi manja awo. Atachisiya, chinabwerera.

"Chikupweteka?"

"Ayi, aphunzitsi. Chimangokana kundimva."

"Ika gitala pansi. Ndiimbire nyimboyo ndi pakamwa."

Nieves anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Sindikuimva m'mutu. Ndikungomva kugogoda."

Mayi anga sanalire pamaliro a bambo anga, koma tsiku limenelo ndinawaona akutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Anamuuza mwanayo kuti azibwera tsiku lililonse, ayambirenso ndi chala chachikulu chokha. Nieves anabwera masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku la makumi awiri anapeza titatseka mawindo, mayi atatisiya.

Pamanda Fermín anabwera ndi maluwa aakulu kuposa a wina aliyense. Ndinamumva ndi makutu angawa akuuza anthu kuti, "Ana a masiku ano sachedwa kufooka." Ndipo inu nonse amene munkamuwombera m'manja pomupititsa mwana ku Madrid munagwedeza mitu kuvomereza. Ndinakuonani. Nieves anaima kumbuyo kwa onse, dzanja lamanja lili m'thumba, ndipo sanalitulutse ngakhale poponya dothi.

Phunziro: Mwana waluso si wanu woti muzipambanira naye zikho. Mlendo akakulonjezani kuti amufulumizitsa, mufunseni kaye kumene kuli ana amene anawaphunzitsa zaka zisanu zapitazo, ndipo mukawaone manja. Mwana akati chala chikulemera, mulandeni gitala tsiku lomwelo. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene likutsekera mwana m'chipinda kuti athamangitse zala, lisanachedwe ngati Fermín.